Timbale tisanu ta amalume a Zakeyo

Mawa tikuvundukula chiliza cha amalume a Zakeyo Phiri, ndipo abale asankha ine kuti ndiwerenge mbiri yawo. Akuti Esinati ndiye amadziwa kulemba. Mlongo wanga Mabvuto wandiuziratu zoyenera kulowamo: kuti anali munthu wopatsa, amene anasiyira mudzi wonse mabatire oyendetsera zokuzira mawu pamaliro. Ndamuyankha kuti ndamva. Koma amalume sanapatsepo munthu batire ngakhale limodzi. Tinachita kuwalanda, ndipo amene anaulula pomwe pankabisidwa kiyi ndine.

Anali mlongo wawo wa amayi anga, a Naphiri. Anachoka m'mudzi mwathu, kuseri kwa Sinda, ine ndisanabadwe, n'kukakhala ku Joni zaka zoposa makumi atatu. Kumeneko ankagwira ntchito mu labu ya yunivesite ina, kusamala ng'anjo zamagetsi ndi mapaipi a gasi. Sanali dokotala wa chilichonse. Ankati iwo kumeneko anali manja chabe, ndipo mapepala onse amene anatuluka mu labu imeneyo ananyamula mayina a anthu ena. Akazi awo anamwalira konko, mwana analibe. Atapuma pantchito anabwerera kumudzi, ife tikuyembekeza galimoto, kapena ng'ombe zingapo zoti mbumba ipumireko khasu. Anatsika basi pa Sinda ndi sutikesi imodzi, makatoni a mabuku ndi zitsulo, ndi kachitini ka mabisiketi kamene anakafungatira pamiyendo ulendo wonse. Ana anakathamangira kachitiniko, ndipo amalume anawamenya timanja.

M'kachitinimo munali thonje, ndipo m'thonjemo munagona timbale tisanu. Kalikonse kanali kokulirapo pang'ono kuposa ndalama yachitsulo, kopyapyala ngati chigoba cha dzira, mbali imodzi kobiriwira, inayo kakuda. Tinali totsala ku labu, ndipo mkulu wawo wa ntchito anawapatsa potsanzikana. Amayi atationa anaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, zaka zonsezi mwatibweretsera mapale?"

Amalume anatseka kachitini kawo. Anthu awiriwo sanayankhulane sabata yathunthu, akudyera pakhomo limodzi.

Zimene ankafuna kuchita ndi timbaleto anandifotokozera kambirimbiri. Sikuti ndinali wanzeru kuposa ena. Ndine ndinkawapititsira chakudya, ndipo munthu sungathawe utanyamula mbale za amalume ako. Ankati mukawotcha makala, makalawo sasowa, koma amagwirana ndi okosijeni wa mumlengalenga n'kusanduka mpweya woipa, womwe uja timatulutsa popuma. Madzi nawonso ali ndi okosijeni wawo. Kambale kaja kakatentha mpaka kufiira, inu n'kudutsitsamo magetsi, kamazula okosijeni mu mpweya woipawo ndi mu nthunzi ya madzi, n'kumutayira mbali inayo. Chotsala ndi gasi woyaka, amene ku labu ankamutcha singasi. Kumayiko kwina, ankatero, gasi wotere amapangira mafuta a galimoto. Koma iwo sankalota fakitale. Ankafuna kuti anthu a kwawo aone ndi maso awo, kamodzi kokha, moto wochokera ku dzuwa, madzi ndi mpweya wotayika, popanda kugwetsa mtengo. Ndikuganiza kuti ankafunanso chinthu chimodzi chokha choti anthu azinena kuti anachita ndi Zakeyo.

Makala ndiwo ankawadya mtima. Phiri limene ankadyetsako mbuzi ali mwana analipeza lili mbee, zitsa zokhazokha. Mukakwera nawo minibasi yopita ku Katete mumalakalaka mutakhala mpando wina, chifukwa thumba lililonse la makala loyimikidwa m'mbali mwa msewu linali ndi ulaliki wake, ndipo ankalalikira basi yonse, kuyambira dalaivala mpaka mwana wa kumsana. Makondakitala anawapatsa dzina loti a Ng'anjo, ndipo dzinalo linawatsatira mpaka kumudzi. Tsiku lina anatsika n'kuyamba kukalipira bambo wina wogulitsa makala. Bamboyo anawamvetsera mpaka atamaliza, kenako anawafunsa mwaulemu ngati ana ake azidya mpweya. Amalume anabwera kunyumba atatupa, n'kukalipira ine kuti tiyi ndathira shuga.

Penshoni yawo yonse inathera pa masola asanu ndi atatu, mabatire anayi akuluakulu, ndi kanyumba ka njerwa kamene anamanga kumapeto kwa bwalo. Amayi sanalekerere mwayi umenewu. Anawafunsa kuti njerwazo anawotcha ndi mpweya kapena ndi mitengo. Nkhaniyo inatha ndi sabata ina yosayankhulana. Mazenera a kanyumbako analibe magalasi, anali ndi waya wa nkhuku wokha, chifukwa gasi ameneyu amapha munthu m'nyumba yotseka, ndipo alibe fungo loti likuchenjezeni. N'chifukwa chake sankalola mwana kuyandikira. Koma chifukwacho anauza ine ndekha. Ena onse ankangomva kuti, "Chokani apo!"

Sindikufuna kuwapaka mafuta. Amalume anali munthu wovuta. Asanakhudze kachitini ankasamba m'manja kawiri. Chilichonse ankalemba m'kope ndi pensulo: nthawi, kutentha, mitambo. Mawu oti "pang'ono chabe" ankadana nawo kwambiri, ankati ndiwo anawononga dziko lino. Moto, ankati, suthamangitsidwa, ndipo wofulumira apite akakwere njinga. Choipitsitsa chinali cha mafoni. Mudzi wathu ulibe magetsi, anthu amapalasa njinga mpaka ku Sinda kukachajitsa, ndiye pakati pa mudzi womwewo pali munthu ali ndi masola odzaza denga amene akukaniza ngakhale foni ya mzamba. Ankati mabatire ali ndi ntchito yawo, ndipo ukalola foni imodzi mawa upeza mzere. Mwina ankanena zoona. Koma anthu anawasungira mangawa m'mitima, ndipo ngakhale ine masiku ena ndinkachoka pakhomo pawo ndikutukwana chamumtima, foni yanga itazima m'thumba.

Mpweya woipa ankautenga kwa a Tisauke, mayi wophika mowa kutsidya kwa dambo. Mowa ukamawira mu mgolo umatulutsa mpweya womwewo. Amalume anakhoma kapaipi pa chivundikiro cha mgolo, mpweyawo n'kumadzaza machubu a galimoto amene ankawanyamula panjinga. Anthu ankaima m'njira kuonerera mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri akukankha njinga yodzaza machubu otupa, akuti wanyamula katundu. Mgwirizano wawo ndi a Tisauke unali wa nkhondo. A Tisauke ankavundukula mgolo kuti alawe mowa wawo, monga amachitira wophika aliyense, amalume n'kumafuula kuti alowetsa mpweya wakunja.

"Mgolo ndi wanga, a Phiri," ankayankha a Tisauke. "Inu mumangotola zimene mowa wanga wageya."

Timbale tinayamba kutha kamodzikamodzi. Koyamba anakapeza kosweka kale m'thonje, mwina ndi mabampu a m'njira. Kachiwiri kanasweka ine ndikuona. Kambale kotere kamafuna kutenthedwa pang'onopang'ono pafupifupi tsiku lonse, ndipo pozizira kamafunanso chimodzimodzi. Tsiku limenelo waya wina anapsa, ng'anjo yamagetsi imene ankatenthetseramo timbaleto inazima mwadzidzidzi, ndipo patapita nthawi pang'ono tinamva kaphokoso kakang'ono m'katimo, kuti the. Amalume anavula chipewa. Anandiuza kuti ndikumbukire kaphokoso kameneko, ndipo ndinakakumbukira. Kachitatu kanakana chifukwa galasi limene ankamatira m'mbali mwake linasiya mpata, gasi n'kumathawa.

Kachinayi kanagwira ntchito. Linali Loweruka masana, dzuwa lili paliwombo. Ndinafika ndi mbale zanga ndipo ndinawapeza panja, atagwada kuseri kwa kanyumba, pamene kapaipi kotulutsa gasi kanatulukira pazenera n'kutsika mpaka pafupi ndi nthaka. Anandikodola osatembenuka.

"Gwira apa."

Ndinagwira kapaipiko. Kanali kozizira, pakuti gasiyo ankayamba wadutsa m'botolo la madzi, ndipo ng'anjo inali kutali m'kati mwa nyumba. Anayatsa machesi, kuyandikiza kukamwa kwa kapaipi, n'kuzimitsa machesiwo.

"Ukuona?"

"Sindikuona kanthu, amalume."

"Tola udzu."

Ndinatola kaudzu kouma n'kukayandikiza pamene ankalozapo. Kanayaka. Ndinatola kena, kanayakanso. Kenako anatchinga dzuwa ndi chipewa chawo, ndipo mumthunzi wa chipewacho ndinakaona: kamoto kobiriwira ngati kumwamba, kakang'ono ngati njere ya chimanga, kataima pakamwa pa paipi popanda nkhuni, popanda utsi. Amalume ankaseka, misozi ikutsika m'masaya. Sindinawaonepo akuseka chotero, kale kapena pambuyo pake. Anandituma kuti ndithamange ndikaitane amayi. Amayi anali kumunda, ndipo anati abwera akamaliza mzere. Pamene ankafika, kambale kanali katafooka, kamoto katazima. Anayang'ana kapaipi, anayang'ana alongo awo, n'kufunsa ngati chakudya chija adya.

Kanatsala kamodzi. Amalume anakasunga chaka chathunthu osakakhudza, akukonza chilichonse chimene chinalakwika pa tinzake. Anapita ku Katete kangapo mpaka anapeza mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina, a Sakala, amene anavomera kubwera ndi ana a sukulu kudzaona. Anapangana Lachisanu lina nthawi yokumba mtedza, pamene mitambo imakhala itachoka. Lolemba amalume anayatsa ng'anjo. Lachiwiri inafika pa kutentha kwake. Lachitatu m'mawa amayi anagwa m'munda wa mtedza, ndipo pofika nawo kunyumba anali atatisiya.

Kwathu kukagwa maliro khasu limagona pansi. Palibe amene amalima, kumanga kapena kuwotcha njerwa mpaka thupi litaikidwa. Amalume ndiwo anali mwini mbumba, ndiye kuti maliro onse anali pamutu pawo: kutumiza uthenga, kulandira anthu, kuloza pokumba. Zonsezi anachita mosaphonya. Koma ng'anjo sanazimitse. Anandiitanira pambali n'kundiuza kuti galasi lomatira latha, ndipo limene lili pa kambaleko silingapirire kuzizira ndi kutenthedwanso. Anati ng'anjoyo sikugwira ntchito, ikungosunga kutentha, masana idya dzuwa, kukada idya mabatire, mpaka Lachisanu. Maso awo anali ofiira. Mlongo wawo yekhayo anali atagona m'nyumba, ndipo ine ndikudziwa kuti ankamukonda, ngakhale kuti chikondi chawo chinali cha mikangano. Anthu ankawaona akunyamuka pagulu la abambo kupita kukasuzumira ku kanyumba kaja, ndipo manong'onong'o anayamba. Akuti ngakhale imfa ya mlongo wawo siingawachotse pa mapale.

Amayi anakhala zaka zambiri ku Vubwi, kwawo kwa atate, ndipo ankaimba mu kwaya ya amayi a kumeneko. Lachinayi m'mawa, tsiku loika, amayi a kwayawo anafika pa lole atavala zofanana, atanyamula kiibodi, zokuzira mawu ziwiri ndi kajenereta. Kajeneretako kanalira pang'ono n'kutsokomola, kenako zii. Akuti petulo amene anagula kumalire anali ndi madzi. Amalume nthawi imeneyo anali kumanda ndi adzukulu okumba. Ine ndinali m'nyumba ya maliro pamodzi ndi amayi anzanga, pamutu pa bokosi. Mabvuto anaima pakhomo n'kundikodola.

"Asisi, jenereta yafa. A ku Vubwi akuti popanda kiibodi nyimbo zawo sizituluka. Anthu abwera mtunda wonsewu."

"Ndiye nditani ine?"

"Mabatire a amalume. Kiyi mumadziwa pomwe imakhala ndinu."

"Akana amalume."

"Sitiwafunsa. Maola awiri chabe. Mbaula imasunga moto mpaka m'mawa, nanga ng'anjo yonse ija izizire maola awiri? Asisi, amayi apite chete ngati munthu wopanda abale, chifukwa cha phale?"

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Ndikanatha kunena kuti chisoni chinandisokoneza mutu, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkadziuza choncho. Koma ndinkadziwa bwino lomwe kuti Mabvuto akulakwitsa, pakuti kaphokoso kaja ndinakamva ndi makutu anga. Ndinkafuna kuti amayi anga aimbiridwe mokweza, anthu a midzi yonse amve. Ndipo pansi pa mtima panalinso kena: foni ya mzamba, kuseka kwa amayi, ng'ombe zimene sizinabwere. Ndinati, "M'jombo yakale, kuseri kwa nkhokwe." Ndinabwerera kukakhala pamutu pa bokosi.

Pamene bokosi linatulutsidwa pabwalo, amalume anali atabwerako kumanda, atakhala pampando wawo kutsogolo, fumbi lofiira lili m'nsapato. Ine ndinali pamphasa moyang'anana nawo. Chokuzira mawu chinalira kuti tswii, kenako kiibodi inagunda, amayi a ku Vubwi n'kuyamba nyimbo imene inamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Ndinaona amalume akutchera khutu. Ankafunafuna phokoso la jenereta, ndipo silinalipo. Maso awo anatsatira waya m'fumbi mpaka pa wilibala imene inali pansi pa mtengo wa mango, itafundidwa chitenje changa. Anadzuka theka. Mkulu wina amene anakhala pambali pawo anawagwira bondo n'kuwanong'oneza, ndipo ndikudziwa zimene anawauza, chifukwa aliyense amazidziwa: mwini maliro sachoka thupi lili pabwalo. Amalume anayang'ana bokosi la mlongo wawo nthawi yaitali. Anakhalanso pansi, n'kuika chipewa pamaondo.

Maola awiri a Mabvuto anakhala asanu. Anthu ataona kuti mawu akumveka patali, aliyense anapeza choti anene. Anayankhula a mpingo wa kuno, a mpingo wa ku Vubwi, a kalabu ya alimi, a kuchimuna, ndi mkulu wina amene mpaka lero sitidziwa kuti anali ndani. Kenako woyendetsa mwambo anaitana woimira banja, n'kupereka maikolofoni kwa amalume. Anaiyang'ana m'manja mwawo. Anaiika pampando n'kuyamba kuyankhula ndi mawu awoawo, koma akumbuyo anafuula kuti sakumva. Anaitolanso.

"A Naphiri anali mlongo wanga," anatero, mawu awo akugunda m'makoma a nyumba zonse. "Tinkakangana tsiku lililonse. Nthawi zambiri olondola ankakhala iwo. Zikomo pobwera."

Anthu anati mawuwo achepa kwa munthu wophunzira. Anaperekeza bokosi mpaka kumanda, anathira dothi, anadikira mpaka adzukulu atamaliza kuumba mtumbira, anasamba m'manja pamodzi ndi ena onse. Atatero m'pamene anapita ku kanyumba kawo, osathamanga. Anapeza chitseko chili pululu, mphepo ikulowa, mawaya atazulidwa, kapaipi kamodzi katapindika pamene wina anapondapo. Ng'anjo sanaitsegule tsiku limenelo.

Lachisanu m'mawa anandiitana. Kambale kanali pathonje, m'zidutswa zitatu.

"Za kiyi wanena ndiwe?"

"Ndine, amalume."

"Nyimbo zinamveka bwino?"

"Zinamveka."

"Chabwino."

Basi. Munthu amene ankatha kukalipa theka la tsiku chifukwa cha supuni yoikidwa polakwika sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandimenya.

A Sakala anafika chakumasana ndi minibasi yodzaza ana a yunifolomu. Uthenga wa maliro sunawapeze. Anapepesa, anakhala pansi pang'ono monga mwa mwambo, kenako poti anali atafika kale anapempha kuona. Amalume anawaonetsa ng'anjo yozizira ndi zidutswa zitatu zija, n'kufotokoza zonse bwinobwino, kuyambira pa mgolo wa a Tisauke mpaka pa kapaipi ka pazenera. Anthu amene anatsalira pamaliro anasonkhana kumbuyo kwa anawo, Mabvuto ali pomwepo.

"Manje atate," anatero a Sakala, "ndiye kuti sinasebenzepo olo kamodzi?"

"Inagwira. Mboni ilipo. Esinati anaona."

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndikananena kuti inagwira, funso lotsatira likanakhala loti nanga kambale komaliza kaswa ndani, ndipo yankho lake linali ine ndi mlongo wanga, pamaso pa anthu onse amene dzulo lake ankayamikira nyimbo. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ndinaona udzu ukuyaka. Mtsikana wina wa sukulu anati udzu umayaka paliponse pafupi ndi ng'anjo yotentha. Anzake anaseka, akumbuyo nawonso anaseka. Ndinkadziwa kuti kapaipi kanali panja, kuti ndinakagwira ndi zala zanga kali kozizira, kuti ndinaona kamoto mumthunzi wa chipewa. Mawu atatu kapena anayi akanakwana. Ana anajambulitsa zithunzi kutsogolo kwa masola n'kukwera minibasi yawo.

Kuyambira tsiku limenelo amalume sanakiyenso kanyumba kaja. Maliro otsatira atagwa, anyamata anangobwera ndi wilibala n'kunyamula mabatire, iwo atakhala pakhonde akuyang'ana. Enanso atagwa, chimodzimodzi. Posakhalitsa anayamba kutchedwa mabatire a maliro, ndipo ankafika mpaka midzi ya kufupi ndi Mkaika. Pa benchi pamene pankakhala kope ndi pensulo panayamba kugona mafoni, mzere uja ankaunena. Anthu anati a Ng'anjo asintha, imfa ya mlongo wawo yawafewetsa mtima. Amayi ena a mpingo anabwera kudzawathokoza ndi nkhuku. Ine ndinkapitirizabe kuwapititsira chakudya, ndipo ankalandira mwaulemu, ndi manja awiri, ngati ndine mlendo. Sanandifotokozerenso za okosijeni. Analemba makalata awiri ku Joni kupempha timbale tina, koma mkulu wawo uja anali atapuma pantchito, ndipo yankho silinabwere. Pa minibasi ankakhala duu, matumba a makala akudutsa pazenera. Kondakitala wina anandifunsa ngati madala akudwala.

Kamodzi ndinayesa kupepesa. Ndinayamba ndi mawu oti ndinkaganiza kuti ndi pang'ono chabe, ndipo ndinadziluma lilime mawuwo atatuluka kale. Anandiyang'ana n'kunena kuti tiyi akuzizira.

Anakhala zaka ziwiri. Chifuwa chinawagwira nthawi yozizira, tinapita nawo kuchipatala ku Katete, ndipo sanabwereko. Pa maliro awo mabatire anagwira ntchito bwino kwambiri, osadukiza ngakhale kamodzi. Mlaliki anati malemuwa anabwera kuchokera kutali ndi mphatso ya magetsi, kuti aliyense wa m'mudzi muno aziperekezedwa ndi ulemu. Anthu anavomera kuti ameni. Ndinakwiya kwambiri, koma ndikwiyire yani? Mlalikiyo ananena zimene anaona. Zimene sanaone anabisa ndine.

Ndiye mawa sindiwerenga zimene wandiuza Mabvuto. Ndinena kuti a Zakeyo Phiri anali munthu wouma mutu, wokaniza, wovuta kukhala naye, ndiponso kuti Loweruka lina masana, kuseri kwa kanyumba kawo, anayatsa moto kuchokera ku madzi ndi mpweya wa mu mgolo wa a Tisauke. Ndinena kuti kapaipi kanali kozizira, ndinakagwira ndine. Ndinenanso za jombo. Mudzi wonse udzamva bwino lomwe, poti Mabvuto wachajitsa kale mabatire.

Lero masana ndinapita ku kanyumbako. Masola anagawana achibale, padenga pangotsala mabowo a misomali amene akulowetsa timadontho ta dzuwa pansi. Benchi anatenga a Tisauke, makasitomala awo amakhalira. Ng'anjo palibe anaifuna, ili pakona pomwe inali, ndipo nkhuku ya wina yaikiramo mazira. Kapaipi kakadali pazenera, mavu amata dothi kukamwa kwake. Pashelefu ndinapeza kope, tsamba lomaliza lili ndi nthawi ndi kutentha kwa Lachinayi lija m'mawa, pansi pake popanda kanthu. Pambali pake panali kachitini ka mabisiketi. M'thonje mukadali timaenje tisanu, ndipo m'kamodzi muli zidutswa zitatu zoyalidwa bwinobwino, m'mbali mwake mutakhudzana.

Potuluka ndinazungulira kuseri kwa nkhokwe. Jombo ikadali pamsomali wake, yang'ambika ndi dzuwa. Ndinapisamo dzanja ndipo kiyi inalimo. Amalume anaibwezera pomwepo, pamalo pamene kale tinkadziwa awiri okha, iwo ndi ine. Ndinabwerera, ndinathamangitsa nkhuku, ndinakoka chitseko. Loko anavuta ndi dzimbiri, koma ndinalimbana naye mpaka anatseka. Ndakiya, ndipo kiyi ili m'thumba mwanga muno. M'katimo mulibenso choti munthu angabe.